Ndithandizeniko pa njere za kalonji

Abale anga a kuno ku Joni ndithandizeniko. Dzulo ndinagula kapaketi ka njere zija amwenye amati kalonji, anzathu achisilamu amati habbat sauda, pa shopu ina ku Fordsburg. Timaoneka ngati chitowe koma takuda bii. Ndiye ine ndinangothira supuni yonse mu nyemba, eee zinawawa moti ana anakana kudya nsima inangotsala m'mbale. Kodi mumayamba mwazikazinga kaye kapena mumasinja? Nanga poto wa anthu 5 mumathira zochuluka bwanji?

Chinanso mayi anga ali ndi BP ndi shuga, amamwa mankhwala akuchipatala, anthu akuti njerezi zimathandiza koma ine ndikuopa kuphatikiza tisanafunse adokotala, alipo amene anafunsako ku kiliniki anakuuzani chani?