Makala athu a zinyalala akuphwanyika, abambo akuti abwerera kuphiri

Mlangizi wa zankhalango, Neno:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulu la abambo 12 amene ankaotcha makala kuno kumunsi kwa Neno. Atalandidwa matumba ndi njinga kangapo, anavomera kuyesa makala a zinyalala. Tikugwiritsa ntchito zitsononkho ndi mapesi a nandolo, komanso kamakina kopanikiza ndi manja. Vuto ndi lakuti thumba likamafika ku Blantyre, theka limakhala fumbi lokhalokha, ndipo ogula akuti utsi ukuwawa m'maso. Dzulo mkulu wa gululi anandiuza maso ndi maso kuti mwezi uno ukatha opanda ndalama, atenga nkhwangwa. Sindinamudzudzule, ali ndi ana asukulu.

Wopanga makala a zinyalala, Lilongwe:
Alangizi, ndifunseko kaye: zinyalalazo mukuziotcha zisanapanikizidwe, kapena mukuzipanikiza zaziwisi? Utsi umenewo ukundiuza kuti sizikupsa bwino. Tengani mgolo wachitsulo, muuboole timabowo pansi, muyatse. Utsi woyera wambiri uja ukayamba kuchepa n'kusanduka wobiriwira pang'ono, tsekani pamwamba, mumate ndi dothi paliponse pamene mpweya ungalowe, musiye mpaka uzizire. Chitsononkho chopsa bwino chimathyoka ndi zala ndipo chimakhala chakuda mpaka m'kati. Ntchito imeneyi musawaphunzitse abambowo ngati ana. Munthu amene waunjika uvuni zaka 10 amadziwa kuwerenga utsi kuposa inu ndi ine. Apatseni mgolowo, muona.

Mayi wa gulu la mbaula, Balaka:
Za kuphwanyika, vuto ndi chomatira. Ife tinayamba ndi dothi, makala ankalemera ngati njerwa ndipo phulusa linkadzaza mbaula. Pano timaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, kapu imodzi pa makapu 10 a fumbi la makala, n'kusakaniza lidakali lofunda. Musinje bwino mumtondo, musefe. Poyanika musafulumire: pathandala, masiku 4 kapena 5 kukakhala dzuwa. Kenako tengani limodzi, muligwetse kuchokera m'chiuno. Likasweka, lisapite kumsika.

Mlangizi, Dedza:
Zonsezi n'zoona, koma ine nkhawa yanga ili pena. Lamulo la zankhalango litasinthidwa mu 2020, zilango za makala opanda chiphaso zinakwera kwambiri, ndipo nkhalango ngati Dzalanyama zikufunikadi kupuma. Koma mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Anthu a m'tauni sanasiye kugula. Namondwe Ana atawononga siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a makuka amagetsi anatulutsa mbaula. Ndiye tikamagwira wootcha yekha, pamene wogula akuotcha chimanga chake mwamtendere ku Ndirande, amene akulipira mtengo wa kusinthaku ndi wosauka kuposa onse. Alangizi, pa thumba limodzi la makala pamadya anthu angati? Wootcha, wa njinga amene amakankha matumba atatu pachikweza dzuwa lisanatuluke, ndi mayi wogulitsa timilu pamsika. Inu mwaganizira woyamba yekhayo. Awiri enawo mwawasiya kuti?

Mlangizi wa zankhalango, Neno:
Apa mwandigwira, akulu. Matumba timatumiza pa galimoto ya matola, ndipo timagulitsa tokha. Anyamata a njinga sitinawaitane n'komwe.

Mlangizi, Dedza:
Aitaneni. Iwo ndi amene akudziwa khomo lililonse logula makala, ndipo mukawasiya apitiriza kunyamula a kuphiri, n'kumakupikisanani nanu. Amayi a pamsika apatseni pangongole thumba loyamba, adzabweze akagulitsa. Pitaninso ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu ndi chitsanzo cha makalawo, akulembereni kalata, kuti wa njinga asavutike pa rodibuloko.

Woweta nkhuku, Lunzu:
Ndalowerera nkhani ya eni ake, pepani. Musalimbane ndi kukopa amayi apakhomo poyamba, amazolowera makala oyaka msanga. Ife ofunditsa anapiye timafuna moto wokhalitsa usiku wonse, wopanda utsi. Makala a zinyalala opsa bwino amatero. Yesaninso a tiyirumu ndi ophika chipisi. Kuchokera ku Zalewa kufika kuno si patali, mukakonza zimene anenazi, ndigula matumba awiri oyesera.

Mayi wa gulu la mbaula, Balaka:
Musaiwale njala ya pakati apa. Wina adzakuuzani za njuchi, ndipo ming'oma ndi yabwino, koma uchi sukolola mwezi womwewo. Ngati pulojekiti yanu ili ndi kandalama, alipireni abambowo masiku amene akuphunzira, osati kungowapatsa matisheti. Akazi awo aphunzire kuumba chitetezo mbaula, mbaula yadothi yosatha nkhuni zambiri, ife tikhoza kubwera kudzawaonetsa dothi loyenera.

Mlangizi wa zankhalango, Neno:
Ndabweranso patatha masabata awiri. Mgolo ndinawasiyira eni ake, ndipo ulendo woyamba womwewo mkulu uja anandiimitsa ndikufuna kutseka msanga, akuti utsi usanakhwime. Tayesa la m'chiuno lija, pa makala 20 asweka 2 okha. Anyamata a njinga 3 avomera, mmodzi akunyinyirika kuti thumba likulemera kuposa la kuphiri, ndiye tikusoka matumba ang'onoang'ono. A ku Lunzu, matumba anu afika Lachisanu. Mayi a ku Balaka, mvula ikayamba mumayanika bwanji?