Nkhani zifupizifupi za ku Israel, ndiyambe ndi ndani?

Chimphona: Anthuni ndani anawerengako nkhani zifupizifupi za ku Israel? Ndatopa ndi nyuzi za nkhondo zokhazokha, ndikufuna ndidziwe anthu wamba amakhala bwanji kumeneko.

Kadzidzi: Achimwene yambani ndi Etgar Keret, wobadwa 1967, makolo ake anapulumuka Holocaust, pomwe a Nazi anapha Ayuda ambirimbiri. Nkhani zake zina masamba awiri basi, Chiheberi cha mumsewu, anyamata a usilikali, mabanja okanganakangana, ukuseka bwinobwino kenako mtima kuwawa.

Nyenyezi: Keret ndi dolo koma zachuluka za mu tawuni. Ine Savyon Liebrecht, nkhani yake ya Apples from the Desert, mayi wopemphera kwambiri kunyamuka ku Jerusalem mpaka ku kibbutz (mudzi wa anthu ogwira ntchito ndi kugawana zinthu limodzi) kukatenga mwana wake wamkazi yemwe akukhala ndi mwamuna opanda ukwati, kusamvana kwa opembedza ndi osapembedza kumeneko ukuoneratu.

Chimphona: Zikupezeka mu Chingerezi?

Nyenyezi: Eya, onse awiri anawamasulira.