Mboni zikusakaniza Payoniya, ayufi ndi Special Branch, pulogalamu ya Bwezani yaima

Fader_Wachiwiri
Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Ndikukonza pulogalamu ya mphindi 28 ya Operation Bwezani (pamene asilikali analanda zida a Payoniya) ndi zaka za 1992 mpaka 1994, slot ndi Lamulungu likubwerali. Ma clip alipo, script yatha, koma mkonzi wabweza zonse. Akuti mboni zanga zikusakaniza. Wina akuti anamenyedwa ndi a Payoniya koma akufotokoza anthu a malaya ofiira, wina akuti a Payoniya anamutsekera ku ndende ya Mikuyu, wina watchula dzina la munthu amene ali moyo mpaka lero. Pamwamba pa apo mayi mmodzi wasintha maganizo, sakufunanso kuti mawu ake adziwike. Ndatsitsa pitch ya mawu ake mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, koma zikumveka zoseketsa. Ndichite bwanji osajambulanso zonse? Ya transport palibe.

Mkonzi_Wakale
Musamukwiyire mkonziyo achimwene, wakupulumutsani. Anthu akamakumbukira nthawi imeneyo aliyense amene anawazunza amangoti Payoniya, pamene magulu analipo anayi.

A malaya ofiira aja ndi ayufi, a League of Malawi Youth, nthambi ya chipani, amene ankaima pa geti la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. MYP, Malawi Young Pioneers, a Payoniya enieniwo, inali ina. Inayamba mu 1963, inali ndi ma base ake monga Nasawa ku Zomba, yunifolomu, mfuti, ndipo mkulu wake anali Kamuzu mwini. Lamulo la 1965 linawapatsa mphamvu yomanga munthu, ndipo wapolisi sankamasula amene wagwidwa ndi Payoniya asanafunse mkulu wa a Payoniyawo. Special Branch inali nthambi ya polisi, anthu ovala wamba, osunga mafailo ndi kufunsa mafunso. Lachinayi ndi PMF, apolisi a zipolowe.

Wa ku Mikuyu uja sakunama ayi. Mwina anagwidwadi ndi Payoniya, koma omangidwa pa zandale ku Mikuyu nkhani zawo zinkayendetsedwa ndi Special Branch. Wogwira ndi wina, wotsekera ndi wina. Script yanu ikuyenera kusonyeza pamene munthuyo anachoka m'manja mwa awa n'kulowa m'manja mwa awo.

Zachidule
Mukuzitalikitsa. Pa narration paliponse ingonenani kuti "achitetezo a boma", basi. Palibe angakusumireni, ndipo Lamulungu mwakwanitsa.

Mayi_wa_Research
Ayi bambo Zachidule, ayufi sanali a boma, anali a chipani. Mukawatcha achitetezo a boma mwalowetsa cholakwa china chatsopano.

Achimwene a Fader, kujambulanso sikofunika. Imbirani mboni iliyonse, mphindi 10 zikwana, koma musafunse kuti "anali a Payoniya eti?" chifukwa adzangoti eya. Funsani zimene maso anaona: anavala chiyani, ananyamula chiyani (mfuti, chibonga, kapena manja okha), anabwera wapansi kapena pa galimoto ndipo nambala yake inkayamba ndi zilembo ziti, usiku woyamba anagona kuti (ku ofesi ya chipani, ku base, kapena ku polisi), ndipo kodi panali pepala limene anamuwerengera kapena kumusainitsa. Funso la usiku woyamba ndi limene limamasula zambiri. Chaka akachiiwala musamukakamize, mufunseni ngati zinali kalata ya mabishopu isanawerengedwe kapena itawerengedwa, referendamu isanachitike kapena itachitika. Zimenezo anthu saziiwala.

Kenako pangani tebulo: timecode, zimene wanena, gulu limene zikuloza, gwero lachiwiri. Clip yopanda gwero lachiwiri isiyeni mawu a mboni momwe alili, koma narrator asabwereze ngati kuti ndi wailesi ikutsimikiza.

Kaundula93
Onaninso madeti, chifukwa ma script ambiri a Bwezani amagwera pamenepo. Kalata ya mabishopu inawerengedwa pa 8 March 1992. Chakufwa Chihana anamangidwa pa 6 April chaka chomwecho atangotsika ndege ku Lilongwe. Zipolowe za ku Blantyre ndi ku Limbe zinali mu May 1992, zinayamba ndi sitalaka ya ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, ndipo amene ankalimbana ndi anthu m'misewu kwenikweni anali apolisi. Referendamu pa 14 June 1993, matipate anapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Mu October Kamuzu anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, dziko n'kukhala m'manja mwa Presidential Council ya anthu atatu: Gwanda Chakuamba ngati wapampando, John Tembo ndi Robson Chirwa. Pa 1 December a Payoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu. Pa 3 December asilikali anayamba kulanda zida, ku Lilongwe anagunda likulu la MYP ndi maofesi a chipani. Masiku ochepa pambuyo pake Kamuzu anabwerera pampando, Council n'kutha. Chisankho pa 17 May 1994.

Pali ziwiri zimene anthu amaphonya. Nkhani yolanda MYP zida sinayambe ndi za ku Mzuzu, National Consultative Council, bungwe la zipani loyendetsa za kusintha kwa ndale, inali itaivomereza kale referendamu itatha, koma zinkangochedwa. Za ku Mzuzu zinangoyatsa moto. Chachiwiri, Chakuamba yemweyo anakhalapo mkulu wa MYP asanamangidwe mu 1980, ndipo anali atangotuluka m'ndende mu 1993. Womvera wachinyamata sangazidziwe, muikeni mzere umodzi.

Chiwerengero cha omwalira musachitchule ngati chanu. Malipoti a nthawiyo amati oposa 20 koma sagwirizana ndendende. A Payoniya amene anathawira ku Mozambique ambiri amalemba kuti anali pafupifupi 2,000. Zonse ziwirizi nenani kuti "malinga ndi malipoti a nthawiyo".

Zachidule
Zonsezi mu mphindi 28? Womvera ali pa kabaza alibe nazo ntchito kuti malaya anali ofiira kapena ayi. Achitetezo a boma, nkhani yatha.

Mkonzi_Wakale
Ali nazo ntchito, madala. Taonani za ku Mwanza. Mu May 1983 anaphedwa Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Lero mukafunsa m'misewu ambiri adzakuuzani kuti anali a Payoniya. Koma komiti yofufuza ya Justice Mtegha, imene inakhazikitsidwa mu 1994, inaloza apolisi. Pulogalamu ikanena kuti Payoniya, amene anali mu MYP adzaimba foni mawa lake, ndipo adzakhala akunena zoona. Ikanena kuti achitetezo, mwabisa chinthu chimene dziko linachita kufufuza kuti lidziwe. Ndipo mukafika pa mlanduwo musaiwale kunena kuti Kamuzu, a Tembo ndi anzawo khoti linawamasula mu December 1995. Kusiya mzere umenewo n'kuputa dala.

Komanso Bwezani yeniyeniyo mungaifotokoze bwanji ndi mawu anuwo? Achitetezo anathamangitsa achitetezo?

Injiniya_Studio_B
Za mayi aja. Pitch isiyeni. Mukatsitsa ndi ma semitone 3 kapena 4, aliyense amene ali ndi Audacity akhoza kukweza ndi nambala yomweyo, mawu enieni n'kubwerera. Ngakhale osabweza, wa m'mudzi mwawo adzawazindikira ndi kalankhulidwe, kupuma kwawo, chifuwa, ngakhale chigayo chimene chikumveka kumbuyo. Njira yodalirika ndi imodzi: lembani mawu awo liwu ndi liwu, wina awerenge mu studio mosachita sewero, narrator anene poyera kuti mawuwa akuwerenga ndi munthu wina pofuna kuteteza mwini wake. Chotsani dzina la mudzi, T/A, ntchito ya amuna awo, ndi chaka chenicheni ngati m'deralo anamangidwa anali iwo okha. Muwawerengere pa foni zimene zatsalazo, avomereze, ndipo kuvomerezako mukujambule.

Fayilo yoyambirira isakhale pa kompyuta ya newsroom imene aliyense amatsegula, ndipo isatchedwe dzina lawo. Ikani nambala, mndandanda wa mayina usunge munthu mmodzi. SD card ya mu recorder, delete yokha sikwanira, mafayilo amabwezeka. Ichiteni format yonse osati ya quick, kenako jambulanipo phokoso mpaka idzaze. Ngati clip inadutsa pa WhatsApp onani backup, mwina ili kale pa Google Drive ya munthu wina.

Zoimbira foni zija musalimbane nazo kuti zifanane ndi za recorder. Foni wamba imadula mawu cha pa 3.4 kHz, EQ siingabweze zimene kulibe. Ingolinganizani loudness, narrator anene kuti "titawaimbiranso anati". Ndipo osasoka mawu a pa foni pakati pa chiganizo chakale ngati kuti ananena kamodzi.

Wazamalamulo
Dzina la munthu wamoyo lija lidule, osati bleep yaifupi imene ikusiya chilembo choyamba ndi chomaliza. Dulani chiganizo chonse, kuphatikizapo udindo wake ndi malo ngati zikumuloza yekha. "Amene anali mkulu wa base yakutiyakuti chaka chakuti" ndi dzina ndithu pamaso pa khoti. Musadzinamize kuti ananena ndi mboni. Woulutsa ndi wailesi, ndipo kubwereza mawu oipitsa mbiri ya munthu kumawerengedwa ngati mwanena nokha. N'zoona kuti mu July 2025 khoti linathetsa gawo la Penal Code limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wopita nawo kundende, koma kusumira chipukuta misozi kulipobe. Mukati ndi zoona, umboni muupereke ndinu, ndipo mboni ya zaka 70 imene ikuopa kale siidzabwera kukhoti.

Mukafunitsitsa dzinalo: mboni ziwiri zosadziwana, chikalata chimodzi, ndi kalata yopempha mbali yake yomupatsa masiku okwanira, yokhala ndi umboni woti anailandira. Pofika Lamulungu sizitheka.

Fader_Wachiwiri
Zikomo akulu. Nanga gwero lachiwirilo ndilipeza kuti mwachangu? Sound ya nthawiyo ilipo penapake?

Mayi_wa_Research
Mwachangu n'zovuta. Wailesi inali MBC yokha, TV inadzabwera mu 1999, ndiye musayembekeze zambiri. Manyuzipepala ndiwo alipo: National Archives ku Zomba, gawo la mabuku a za Malawi ku laibulale ya yunivesite ku Chirunga, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Werengani Daily Times ndi Malawi News pambali pa The Nation, imene inayamba mu July 1993, ndi timanyuzi tina ta nthawi ya matipate. Awiri oyambawo anali a mbali ya boma, enawo anali ndi mkwiyo wawo, ndiye tsiku limodzi lomwelo mudzapeza nkhani ziwiri. Malipoti a Amnesty International a zaka zimenezo ali pa intaneti, ndipo amasiyanitsa bwino apolisi ndi a Payoniya.

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ofesi ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo ikhoza kukana ponena za chitetezo cha dziko. Lembani kalatayo, koma ikhale ya gawo lachiwiri la pulogalamu.

Kaundula93
Kuli kwinanso kumene anthu saganizako. National Compensation Tribunal, imene malamulo a 1994 anaikhazikitsa kwa zaka 10 kuti izipereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa m'nthawi ya chipani chimodzi, inalandira madandaulo zikwizikwi, ndipo ambiri sanalipidwe mokwanira mpaka inatsekedwa. Ombudsman anatulutsa lipoti pa nkhaniyi mu 2017. Mboni yanu ngati inakadandaulako ikhoza kukhala ndi kalata kapena nambala ya fayilo m'chikwama. Funsani. Zimene munthu analemba m'ma 1990 zimalemera kuposa zimene akukumbukira lero.

Ndipo mwalankhula ndi amene anali mu MYP? Si onse ananyamula mfuti, ambiri anali a ulimi, ukalipentala ndi ophunzitsa masewero m'sukulu. Ena ndi omwe aja anadzamanga misasa ku Area 18 ku Lilongwe kufuna ndalama zawo zopumira ntchito. Koma akakuuzani kuti ankangolima musamezenso zonse. MYP inali ndi akazitape ake, ndipo a Mboni za Yehova amene anathamangitsidwa mu 1972 amatchula ayufi ndi a Payoniya limodzi.

Zachidule
Mwaona? Nokha mwanena kuti ankagwira limodzi. Ndiye vuto la "achitetezo" lili pati?

Mkonzi_Wakale
Kugwira limodzi si kukhala gulu limodzi. Mu 1976 Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, anamangidwa pamodzi ndi Albert Muwalo wa chipani. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Magulu amenewa ankazondana okhaokha, ndipo asilikali anali ndi chakukhosi ndi MYP kalekale pa nkhani ya zida ndi ndalama. Mukawaphatikiza, womvera sangamvetse chifukwa chake mfuti zinalira pa 3 December.

China, achimwene a Fader, musalumphe kuchoka pa Special Branch n'kufika pa NIS (National Intelligence Service) ya lero ngati ndi ofesi yomweyo yangosintha chikwangwani. Pakati panadutsa National Intelligence Bureau ya nthawi ya Bakili Muluzi, ndipo lamulo lokhazikitsa NIS linadutsa m'ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika. Mukafuna kunena kuti anthu kapena mafailo ndi omwewo, pakufunika umboni wake pawokha.

Wazamalamulo
Pamenepo ndiye pochenjera. Wina akakubweretserani fotokope n'kumati ndi fayilo ya Special Branch, musaiwerenge pa air musanaone loya. Official Secrets Act ilipobe. Komanso mafailo otere amadzaza ndi zimene akazitape ankapeka kuti alandire kanthu, ndipo muli mayina a anthu amene ana awo akumvera wailesi yanuyo.

Injiniya_Studio_B
Amene ali ndi makina a reel oyenda bwino ku Blantyre andiuze ku inbox. Matepi a zaka zimenezo amamata, ukawaika pa makina osawaumitsa kaye amasiya utoto pa head ndipo mawu amapita osabwereranso.

Zachidule
Lamulungu ndi mkuja. Ine ndanena kale.