Nyali za Tilley zikufuka utsi, vaporiser sakuchedwa kutseka

Mwini chilimira, Msaka:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa mdima uno ukungondipita pachabe. Nyali zanga za Tilley, zija zopopa zoyendera parafini, zikufuka utsi wakuda, lawi lachikasu likutulukira kunja kwa mantle (kathumba ka ulusi kamene kamawala), ndipo usiku ukamakula kuwala kukumachepa mpaka siginala, wokopa nsomba ndi nyali uja, kulephera kusonkhanitsa usipa. Mantle ndasintha, washala wa pampu ndamunyika m'mafuta ndipo akugwira mpweya bwinobwino, vaporiser (kapaipi kotenthetsera mafuta) ndagula watsopano koma nayenso watseka kale. Parafini ndikugula wa m'zigubu padoko pano chifukwa kumalo omwetsera mafuta sakupezeka. Kodi vuto ndi mafutawa, kapena nyalizi zatha ntchito?

Wokonza nyali, Monkey Bay:
Bambo, ngati vaporiser watsopano watseka msanga chotero, nyali zilibe mlandu. Ndikukayikira kuti parafini wanuyo anasakanizidwa ndi dizilo. Ntchito ya vaporiser ndi kutenthetsa mafuta kuti asanduke nthunzi asanafike pa mantle, koma dizilo ndi wolemera ndipo amafuna kutentha kochuluka, choncho wina amatsalira m'katimo, n'kupserera, n'kusanduka mwaye umene umamata singano yotokosera ya m'katimo ndi kutseka kabowo ka jeti kotulukira nthunziyo. Donthezani pang'ono papepala loyera, pambali pake mudonthezenso parafini amene mukumudziwa kuti ndi weniweni. Weniweniyo amayamba kuuma, pamene wosakaniza amasiya banga lonona kwa nthawi yaitali. Wina muthire m'botolo loonekera m'kati, mulisiye lidikhe. Ngati muli madzi adzakhala pansi. Muonenso anyamata anu mmene akuyatsira, chifukwa ambiri amaumira sipiriti wotenthetsera vaporiser n'kutsegula mafuta vaporiser asanatenthe, makamaka kukakhala mwera.

Siginala wakale, Senga Bay:
Zonsezo n'zotaya nthawi. Thirani petulo wodzaza chitsekero cha botolo pa thanki iliyonse, mafutawo apepuka ndipo mwaye uchoka wokha. Ife takhala tikutero kuyambira kale.

Wokonza nyali, Monkey Bay:
Achimwene, malangizo amenewo musawapereke pagulu pano. Parafini amayamba kutulutsa nthunzi yogwira moto akafunda kufika pa madigiri pafupifupi 38, pamene petulo amaitulutsa ngakhale pamalo pozizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Nyali ya Tilley timaiphwetsa mpweya pomasula pampu, ndipo ngati m'thanki muli petulo, chimene chimatuluka pamenepo si mpweya wokha ayi, koma nthunzi ya petulo pafupi ndi nyali zina zoyaka. Zilipo nyali zopangidwira mafuta opepuka otere, monga zina za Coleman, koma mapangidwe ake ndi ena.

Mayi a chilimira, Nkhotakota:
Ndikugwirizana nawo a ku Monkey Bay. Padoko lathu mnyamata wina anathira mafuta osakaniza ndi petulo m'nyali ili yotentha, ali pakati pa nyanja, moto n'kulanda chigubu chimene anagwira. Anapulumuka podziponya m'madzi, koma manja anapsa kwambiri, ndipo anzake anasiya chilimira chili m'madzi kuti athamangire naye kumtunda. Mwini zipangizo analipira chipatala, natayanso nsomba za usiku umenewo. Kuchokera pamenepo alovi anga ndinawaletsa kuthira mafuta nyali isanazizire, ndipo chigubu cha petulo wa injini sichikwera m'bwato la siginala.

Siginala wakale, Senga Bay:
Mayi, ameneyo anachulutsa petulo. Ine ndanena chitsekero chimodzi chokha, osati theka la thanki.

Mlovi, Makanjira:
Akulu, usiku panyanja, bwato likugwedezeka, ndani amene adzayeze chitsekero chimodzi? Mukauza mnyamata kuti pang'ono palibe vuto, mawa parafini akachepa adzadzaza ndi petuloyo. Kwathu kuno vuto lalikulu ndi zigubu zimene: chigubu chomwecho chanyamula dizilo lero, mawa parafini, osachitsuka. Nthawi zina wogulitsa sanachite dala.

Wokonza nyali, Monkey Bay:
Zimenezo n'zoona, ndipo nsalu imangochotsa zinyalala, siingalekanitse dizilo ndi parafini. Bambo a ku Msaka, khuthulani mathanki onse, muwatsuke ndi parafini wabwino pang'ono, ndipo zotsalirazo musazikhuthulire m'nyanja. Vaporiser wa Tilley akatsekeratu musamutokose ndi waya, chifukwa kabowo kakakula mafuta amatuluka ochuluka kuposa mpweya, nyali n'kumafuka utsi mpaka kale. Mantle ikabooka isintheni pomwepo, popeza lawi lotulukira pabowopo limaswa galasi. Mafuta okayikitsawo musawapititse kunyumba kuti akagwire ntchito mu pulaimasi, chifukwa nayo idzatseka, ndipo utsi wake m'nyumba yotseka mazenera umapha.

Siginala wakale, Senga Bay:
Nyali zanga zikuwala mpaka lero ndi petulo yemweyo, ndipo palibe imene inaphulika. Inu okonza mukufuna tizingogula vaporiser.

Mayi a chilimira, Nkhotakota:
Ndifunse nawo, a ku Monkey Bay: kodi vaporiser wa nyali za Butterfly angalowe pa Tilley? Kuno a Tilley enieni akusowa, ndipo amene akubwera m'sitolo singano zake zikumapindika tikangopotokola kangapo.