Batani la R la DS Lite likuvuta: ndigule zida zokonzera kapena ayi?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Nintendo DS Lite, makina a m'manja osewerera magemu, yomwe ndakhala nayo kuyambira ndili mwana, ndipo batani la R, lija la pamwamba kudzanja lamanja, layamba kuvuta. Ndikadina bwinobwino silimva, mpaka nditakanikiza mwamphamvu chakumbali. Zina zonse zili bwino, masikirini onse awiri akuwala, batire likusunga moto. Pa intaneti ndaona akugulitsa paketi ya zida: sikuludalaiva ya nsonga zitatu, timaswichi tatsopano ta L ndi R, soldering iron (chida chotentha chowotcherera mawaya) yaing'ono ndi waya wake wowotcherera. Chibadwire sindinawotchererepo kanthu. Kodi paketi imeneyi ndi yoti ndigule, kapena ndingofuna DS Lite ina yogwiritsidwapo kale ntchito?

Limbani: Achemwali, musathamange. Simunadziwe chimene chafa, ndiye mukugula mankhwala a matenda ati? Kuseri kwa batani lapulasitikilo kuli kaswichi kakang'ono kowotchereredwa pa bolodi la zamagetsi la m'kati mwa makinawo. M'kati mwake muli kachitsulo kopindika komwe kamagunda pansi mukadina, n'chifukwa chake mumamva kuti "tche". DS Lite inatuluka mu 2006, ndiye taganizani fumbi ndi thukuta la m'manja lomwe lalowa mmenemo zaka zonsezi. Nthawi zambiri kaswichiko kamakhala kalibe vuto, kangoda basi. Dontho la isopropyl alcohol (mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi), ya 90% kapena kuposa, n'kudinadina kambirimbiri, kamadzuka. Pa zonse zomwe mwatchulazo, chofunika lero ndi sikuludalaiva yokha.

Yamikani: Ineyo sinditsekula n'komwe. Ndimaika pakamwa pa batanilo n'kuuzira mwamphamvu, limayambanso kugwira pompo.

Limbani: Limagwiradi, achimwene, koma kwa kanthawi. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chimakatsalira pa kachitsulo kaja. Mukulipulumutsa lero, koma mukuitana dzimbiri. Ndipo pasapezeke wina wopoperamo mafuta aja omasulira mabawuti adzimbiri. Amasiya utoto wamafuta womwe fumbi limakakamirapo.

Chisomo: Ine ndikuti musiye zonsezi, gulani ina. DS Lite zinagulitsidwa zoposa 93 miliyoni padziko lonse, sizisowa ngati golide. Komanso magemu a DS amasunga pomwe mwafika m'kakhadi ka gemuyo, osati m'makinawo, ndiye mukasintha simutaya kalikonse. Munthu woti sanagwirepo soldering iron akayambira pa bolodi laling'ono chonchi, zimatha ndi misozi. Batani limodzi lafa, mapeto ake makina onse afa.

Mphatso: A Chisomo, apo ndikutsutsani. Ina yomwe mukunenayo ndi ya zaka zomwezo, timaswichi take ndi tokalamba chimodzimodzi. Ndiye pali nkhani ya pachopindira paja, polumikiza sikirini ya pamwamba ndi ya pansi: DS Lite zambiri zakale zimakhala zitang'aluka pamenepo, ndipo pa chithunzi cha wogulitsa simungaone bwino. A Tadala anena kuti yawo ili bwino kupatula batani limodzi. Kusiya makina omwe mukuwadziwa mbiri yake n'kukatenga osawadziwa chifukwa cha kaswichi kochepa ngati njere ya mpunga, ine sindikuona nzeru yake.

Koma pali mawu amodzi omwe a Tadala alemba omwe tonse tawadumpha. Akuti limagwira akakanikiza chakumbali. Litsiro lokha silikonda kutero. Zimenezo zimandipatsa maganizo awiri. Mwina pulasitiki ya batani yaperepeseka moti sikufika bwino pa kaswichi, kapena powotcherera timiyendo ta kaswichiko pang'aluka, makamaka ngati makinawo anagwapo chapangodya. Kakakhala kuti kakugwedera, alcohol sangathandize ngakhale muthire botolo lonse. Pamenepo soldering iron ikufunika ndithu, koma mwina osasintha n'komwe kaswichi, kungosungunula pomwe pang'alukapo kuti pagwirenso.

Tadala: Inagwapo kangapo, a Mphatso, ndipo ngodya ya kumanjayo ili ndi chipsera. Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi liti mwa amenewa?

Mphatso: Mutsekule kaye chikuto cha kumbuyo. Yambani ndi kuchotsa batire, musachite chilichonse lisanachoke, chifukwa pa bolodi pali timafyuzi tiwiri, F1 ndi F2, tomwe timapsa msanga chitsulo chikakhudza polakwika. Chotsaninso kakhadi ka gemu ndi chotsekera cha pansi paja polowetsa magemu a Game Boy Advance, makina akale a Nintendo. Masikulu ena ndi a nsonga zitatu, ena ndi a mtanda wamba, ndipo ena abisala pansi pa timalabala tiwiri ta kumbuyoko. Chikuto chikachoka muona kaswichiko poyera. Kagwedezeni pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Kakamasuntha, ndiye kuti powotcherera pathyoka. Kakakhala nganganga, kadineni ndi chala mumve ngati kakulira mofanana ndi ka L. Ngati mungabwereke multimeter (chida choyezera magetsi), iikeni poyezera ngati moto ukudutsa, gusani timiyendo, dinani: ikuyenera kulira nthawi iliyonse mwadina, osaphonya.

Thoko: Ndiwonjezere pa sikuludalaiva, poti ndi yomwe aliyense akuvomereza. Za m'mapaketi ambiri otchipa zimakhala zachitsulo chofewa. Nsonga ikangoterereka kawiri katatu, mutu wa sikulu umadyeka, ndipo sikulu ya nsonga zitatu ikadyeka kuichotsa kwake ndi ntchito yowawa kuposa batani lenilenilo. Bola kugula sikuludalaiva imodzi yabwino payokha. Pomasula muzikanikiza pansi mwamphamvu n'kumazungulitsa pang'onopang'ono. Musayese ndi mpeni kapena sikuludalaiva ya mtanda.

Chisomo: Mukuona? Tangoyamba kumene, koma tatchula kale multimeter, sikuludalaiva yapadera, alcohol, soldering iron. Mukaphatikiza zonsezo, kodi sizipitirira mtengo wa makina ena? Ndipo zikatha ntchito zikakhala m'kabati mpaka kalekale.

Mphatso: Zimenezo zitengera munthu. Ngati a Tadala akufuna kukonza batani ili lokha basi, osadzagwiranso chida, mukunena zoona. Koma zida sizitha ndi ntchito imodzi. Sikuludalaiva yomweyo itsekula makina ena a Nintendo, iron yomweyo ikonza waya wa mahedifoni, remote, wailesi. Kwa ine luso limeneli ndi lofunika kuposa makinawo.

Limbani: Luso ndi labwino, koma osaphunzirira pa chinthu chomwe umachikonda. Ndipo vuto langa lalikulu ndi iron ya m'paketiyo. Zambiri zotere zilibe posinthira kutentha, zimangotentha mmene zafunira. Waya wowotcherera wokhala ndi mtovu, uja wa 63/37 (magawo 63 tini, 37 mtovu), amasungunuka pa 183°C, pomwe wopanda mtovu amafuna cha m'ma 217°C. Makina opangidwa kuyambira m'zaka zimenezo ambiri anawotchereredwa ndi wopanda mtovuyu, ndiye pochotsa kaswichi kakale munthu wosazolowera amaona kuti sizikusungunuka, amakhalitsa iron pamalo amodzi, kenako amakoka. Chomwe chimachitika n'chakuti kamkuwa kopyapyala ka pa bolodi kamamatuka pamodzi ndi kaswichi. Zikatero kaswichi katsopano kalibenso pogwira, mpaka ulumikize ndi tiwaya toonda ngati tsitsi. Imeneyo si ntchito ya tsiku loyamba.

Komanso taonani bwino ngati m'paketimo muli flux, mankhwala opaka pamalo owotcherera. Mukapanda, ndiye kuti sanakuganizireni. Popanda flux chowotchereracho chimangoundana ngati mpira osayenderera pa kamwendo.

Yamikani: Nanga osangosewera magemu osafuna R? Magemu ambiri a Pokémon a pa DS mutha kuwamaliza osalikhudza batani limenelo.

Tadala: Gemu yomwe ndimakonda kwambiri ndi Mario Kart DS, achimwene. L likafa pali X woponyera zinthu, koma R ndi lomwe umakhotera motsetsereka pamakona, ndipo popanda limenelo mpikisano watha. Ndiye kulisiya choncho sindingathe.

Ndamva zonse, zikomo kwambiri. Mmene ndikuonera, paketi yonseyo ndiisiya kaye. Ndigula sikuludalaiva yabwino ndi alcohol, nditsekule ndione ngati kaswichiko kakugwedera. Kakakhala kolimba ndikatsuka. Koma a Mphatso, mtima wanga ukufunabe kuphunzira kuwotcherera, sindikubisa.

Mphatso: Phunzirani ndithu, achemwali, musagwe ulesi. Kungoti iron mugule ina, yokhala ndi posinthira kutentha ndi nsonga yosongoka, ndipo muyambire pa bolodi la wailesi kapena remote yakufa, kuchotsa tizinthu n'kumabwezeretsa mpaka dzanja litakhazikika. Muzichita pamalo podutsa mphepo chifukwa utsi wa flux si wabwino kupuma, ndipo muzisamba m'manja mukagwira waya wa mtovu. Timaswichi mugule angapo, chifukwa koyamba kamatha kusungunuka pulasitiki yake.

Chisomo: Ine ndikadali pomwe ndinali. Kakapezeka kakugwedera, perekani kwa munthu wokonza mafoni, amawotcherera zing'onozing'ono kuposa zimenezi tsiku ndi tsiku. Kuphunzira kwanuko kupitirire pa mabolodi akufa, makina anuwa asakhale mayeso.

Thoko: Kaya mutsuka kaya muwotcherera, zinthu ziwiri musamale potsekula ndi potseka. Batani lililonse la L ndi R lili ndi kasipuling'i ndi kachitsulo kowongoka komwe limazungulirapo. Timadumpha mukangonyamula chikuto, ndiye gwirirani ntchito pa thawulo loyera ndipo jambulani ndi foni mmene takhalira musanatikhudze. Chachiwiri ndi poyatsira ndi pokwezera mawu. Tizogwirira take tili pa chikuto, pomwe timaswichi take tili pa bolodi, ndipo ziyenera kulunjikana musanatseke. Chikuto chikamakana kukhala pansi, musakanikize, chinyamuleninso muone, chifukwa kamutu ka swichi yoyatsira kamathyoka ndi mphamvu yochepa kwambiri, ndipo kakathyoka makinawo sayakanso mpaka mutasintha swichi yonseyo.