Laputopu yanga ikuchedwa ndipo ikulira m'kati: ndiyambe RAM kapena SSD?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi laputopu ya 2014, purosesa yake ndi Core i5-4200U, RAM 4 GB, hard disk ya 500 GB, ndipo muli Windows 10. Kale inkagwira bwinobwino, koma pano ndikaiyatsa ndimadikira mpaka kutopa isanalole kutsegula chilichonse. Ndikatsegula Excel ndi Chrome pamodzi imangoti zii, kamkombero kaja n'kumangozungulira. Posachedwa yayambanso kaphokoso m'kati, "tche, tche, tche", cha pamene dzanja limatsamira ndikamalemba, ndipo kaphokosoko kakayamba zonse zimaima.

Pali zinanso ziwiri, kaya n'zogwirizana kaya ayi. Ikakhalitsa osayatsidwa, tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo, ndiye Chrome amakana masamba ena ati wotchi yanga ndi yolakwika. Komanso fani imalira kwambiri, pansi pake pamatentha, nthawi zina imazima yokha ndikuonera vidiyo.

Mnzanga akuti ndigule RAM. Alamu anga akuti ndi mavairasi, ndingoifomata. Mwana wanga akuti ndiitaye. Ndalama zomwe ndili nazo zingakwane chinthu chimodzi mwezi uno. M'menemo muli mabuku a kabizinesi kanga ndi zithunzi za ana kuyambira ali makanda, ndipo kulibe kwina kumene zili. Ndiyambe chiti?

Membala wina:
RAM basi mayi, ndi mmene mapulogalamu otsegulidwa amakhala akamagwira ntchito. 4 GB masiku ano ndi yochepa, Chrome yekha amaimaliza. Ikani 8 GB muone.

Wokonza makompyuta:
Mayi, musanagule kanthu, izimitseni kaye laputopuyo, muwerenge izi pa foni. Za RAM tikambirana, koma kaphokoso mukunenako ndi kamene kandidetsa nkhawa.

M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5400 pa mphindi, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi timbaleto osatikhudza. Kamutuko kakalephera kuwerenga malo ena, kamabwerera poyambira n'kuyesanso. "Tche, tche" mukumvayo ndi imeneyo, ndipo Windows amaima chifukwa akudikira yankho limene silikubwera. Disk ikayamba zimenezi sichira. Ikhoza kukhala miyezi, ikhozanso kufa mawa m'mawa.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kupulumutsa mafayilo. Pezani fulashi yaikulu kapena hard disk ya kunja, ngakhale yobwereka. Mukayatsa musatsegule china chilichonse. Yambani ndi mabuku a bizinesi poti ndi ang'onoang'ono, kenako zithunzi, foda imodziimodzi, osati zonse nthawi imodzi. Fayilo ikakanirira, idumpheni mupitirire.

Ndipo chonde musaifomate, musaichite defragment, musayendetse chkdsk, ngakhale antivirus yofufuza disk yonse musaiyendetse. Zonsezi zimaikakamiza kuwerenga paliponse, ndipo mphamvu zochepa zomwe yatsala nazo zithera pamenepo. Alamu anuwo akufunirani zabwino, koma kufomata lero n'kutaya zithunzi za ana.

Mukamaliza kukopera, ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere yoonetsa thanzi la disk, mutiuze zimene ikuonetsa. Dinaninso Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, muone Disk ndi Memory (ndiyo RAM) zili pati.

Membala wachitatu:
Ine ndinamva kuti ukaiika hard disk mu firiji usiku wonse imadzuka.

Wokonza makompyuta:
Achimwene, imeneyo isiyeni. Mukaitulutsa mu firiji chinyezi chimakhala pa timbale ndi pa bolodi yake, ndiye mwawonjezera madzi pa vuto lomwe linalipo kale.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Mabuku onse atuluka, zithunzi zikupita pang'onopang'ono. CrystalDiskInfo yalemba Caution m'kabokosi kachikasu, ndipo timadontho tachikasu tili pa Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Disk ikungokhala pa 100% ngakhale sindikuchita kanthu, Memory ili cha m'ma 70%.

Wokonza makompyuta:
Basi yankho lapezeka. Mzere woyambawo ukuwerenga malo oonongeka amene disk yawasiya kale n'kusamutsira zinthu pena. Wachiwiriwo ndi malo amene ikulephera kuwawerenga panopa. Gulani SSD, chosungira mafayilo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk.

Membala wina:
Komabe 4 GB ndi yochepa akulu, musatsutse zimenezo.

Wokonza makompyuta:
Sindikutsutsa achimwene, ndi yochepadi. Koma taonani manambala a mayiwa: Memory sinadzaze, Disk ndiye yafika pamapeto. Ndiponso RAM ikadzaza, Windows amasungako zina pa disk, mu fayilo yotchedwa pagefile. Pa hard disk yodwala zimenezo ndi chilango, pa SSD zimapiririka. Ndiye SSD imachepetsako ngakhale vuto la RAM yochepa, pamene RAM yatsopano siingachiritse disk yomwe ikufa.

Mayi, pogula munene kuti mukufuna SSD ya SATA ya 2.5 inch. Pali ina yooneka ngati kandodo, M.2 NVMe, imeneyo si yolowa pamalo pa hard disk yanu. Ya 240 kapena 256 GB ikwana ngati zithunzi zambiri muzisunga kwina, koma ngati thumba lilola tengani ya 480 kapena 500 GB. Hard disk ya laputopu ikakhala yamoyo imawerenga cha m'ma 100 MB pa sekondi, SSD ya SATA imapitirira 500. Koma chomwe mudzachimve kwambiri si chimenecho ayi. SSD ilibe chozungulira kapena kamkono koyenda, ndiye timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Windows amatsegula poyaka imatipeza nthawi yomweyo.

Akakupatsani yogwiritsidwapo kale ntchito, ionetseni CrystalDiskInfo yomweyo musanalipire. Imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake.

Ena adzakuuzani kuti mungokopera disk yonse yakale kupita pa SSD. Pa disk yabwino zimatheka, koma pa yanuyi ayi, idzaima panjira kapena mudzasamutsa mafayilo a Windows oonongeka kale. Ikani Windows watsopano kuchokera pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Ngati Windows 10 wanu anali wovomerezeka, laisensi yake imazindikira laputopuyo, ndiye mukangolumikiza intaneti imabwerera yokha, bola musankhe mtundu womwewo, Home kapena Pro. Onetsetsani kuti ndi wa 64-bit, chifukwa wa 32-bit sangathe kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4 GB.

Mkonzi wachikulire:
Ndionjezepo pa RAM, poti mwezi wamawa mudzaifuna ndithu. Purosesa yanuyo imafuna DDR3L, ya 1.35 V. DDR3 wamba ndi ya 1.5 V. Zonse ziwiri zili ndi mapini 204 ndipo zimalowa pamalo amodzi bwinobwino, n'chifukwa chake anthu amapusitsika. Ukaika yolakwika, kawirikawiri sikirini imangokhala yakuda. Pa kapepala ka RAM-yo payenera kulembedwa PC3L, L-yo ikhalepo. Musanagule onaninso mu Task Manager pa Memory, pali mzere wa Slots used. Ikati 1 of 2, malo ena alipo. Malaputopu ena a purosesa imeneyi RAM yake inamatidwa pa bolodi, ndiye ndi bwino kutsegula n'kuona ndi maso.

Za tsiku lobwerera m'mbuyo sizikukhudzana ndi disk. Pa bolodi pali kabatire kozungulira ka 3 V, nthawi zambiri CR2032, kamene kamasunga wotchi laputopu ikazima. Kanu katha. Masamba a https ali ndi ziphaso zokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye wotchi ikanama Chrome amaganiza kuti chiphasocho sichinayambe kugwira ntchito. M'malaputopu ambiri kabatireko kamakhala kokutidwa, kali ndi timawaya tiwiri ndi kapulagi, choncho tengani kakaleko pokagula.

Kutenthako ndi fumbi. Limaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya mpaka kukhala ngati kabulangete. Purosesa imeneyi ikayandikira 100 °C imadzichepetsa liwiro yokha, zikapitirira imazimitsa laputopu kuti isapse. Poti idzatsegulidwa kale poika SSD, zonse zichitikire limodzi: achotse fumbi, asinthe thermal paste, kaphala kopaka pa purosesa kothandiza kuchotsa kutentha, yomwe inauma kalekale, asinthe kabatire. Batire yaikulu ichotsedwe kaye asanakhudze chilichonse, ndipo popemerera mpweya agwire fani ndi chala isazungulire mopyola. Inunso mayi, musamaiike pa bedi, timabowo ta pansi timatsekeka.

Wophunzira IT:
Palibe watchula izi. Microsoft inasiya kupereka zokonza zaulere za chitetezo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Inalengeza ndondomeko yotchedwa ESU yotalikitsa zokonzazo mpaka 13 Okutobala 2026, koma kwa olembetsa okha. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamene yanu ndi ya m'badwo wa 4. Ine ndikanaika Linux Mint 22 m'malo mwa Windows, imalandira zokonza mpaka 2029 ndipo pa 4 GB imayenda bwino.

Membala wina:
Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, amadumpha zonsezo, Windows 11 imalowa.

Wophunzira IT:
Imalowadi, koma Microsoft inanena poyera kuti makompyuta otero sakulonjezedwa zokonza. Kwa munthu wosunga mabuku a bizinesi sindingalimbikitse.

Wofunsa:
Nanga Excel wanga pa Linux-po?

Wophunzira IT:
Excel weniweni sakhalapo mayi. Pali LibreOffice Calc, imatsegula mafayilo a xlsx, ndipo kuwerengetsa wamba kumayenda. Ngati mabuku anu ali ndi ma macro, timapulogalamu todzichitira ntchito tokha m'kati mwa Excel, pamenepo ikhoza kuvuta. LibreOffice iliponso ya Windows, ndiye SSD ikalowa iyeseni kaye pa mabuku anuwo musanasankhe zosamuka.

Woyang'anira gulu:
Mayi, tachotsa ndemanga ziwiri za anthu okuitanirani ku inbox kuti akukonzereni ali kutali. Musaike pulogalamu iliyonse yopatsa munthu wosamudziwa mwayi wolowa mu laputopu yanu, ndipo musapereke password. Hard disk yakufa sikonzedwa pa intaneti. Wofuna kuthandiza alembe pompano.

Wofunsa:
Ndamva, zikomo nonse. SSD ndiyamba nayo, RAM idikire. Zithunzi zambiri zatuluka, koma foda imodzi, ya mwana woyamba ali khanda, ikafika pakati imaima ndipo kaphokoso kaja kamayambiranso. Ndipitirize kuyesa?

Wokonza makompyuta:
Ayi mayi, lekani pomwepo, muizimitse. Kubwereza malo omwewo kumangowonjezera bala. SSD ikalowa, hard disk yakaleyo musaitaye ndipo musalole wina kuifomata. Isungeni pouma, posagwedezeka. Pitani nayo kwa munthu wodziwa Linux mumuuze kuti agwiritse ntchito ddrescue. Pulogalamu imeneyo imayamba yakopera malo onse abwino, oipa n'kumawadumpha, kenako n'kubwerera kwa oipawo pamapeto, ndipo imalemba pomwe yafika kuti ikaima isayambirenso pachiyambi. Adzafunika disk ina yokhala ndi malo osachepera 500 GB. Zithunzizo azidzazifufuza pa disk yatsopanoyo, osati pa yodwalayo. Akanena kuti akufuna kutsegula chivundikiro cha hard disk kuti aone m'kati, itengeni muzipita, chifukwa kafumbi kamodzi pa timbale tija kamakanda malo amene kamutu kakudutsa.