Landilodi sakusamala za zinyalala ndi chimbudzi, tikawanenere kuti?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni nzeru, a admin chonde musaike dzina langa mwana wa landilodi ali mgulu lomweli. Ndikuchita lendi muno mu Mzuzu, pa puloti tilipo mabanja 6 koma chimbudzi ndi chimodzi ndipo chadzadza, mvula ikagwa zonse zimasefukira pakhonde panga poti nyumba yanga ili kumunsi. Dzenje la zinyalala nalo linadzadza kalekale ndiye anthu akungotaya kuseri kwa windo langa, mapampasi, makoko a nthochi, mitu ya usipa, ntchentche ndi makoswe osanena. Mwana wanga wayamba kutsegula mmimba. Tikawauza bambowo amangoti ndikonza mwezi ukatha, koma pa 1 amalawirira kudzatolera lendi ndipo angokweza kumene. Akazi awo amathyola chibwabwa changa osapempha, bilu ya madzi timagawana mofanana pomwe neba amachapa zovala za ganyu pampopi womwewo, amuna anganso ndikawauza amangoti usandidanitse ndi anthu. Ndiye kodi ndikawanenere kuti, ku polisi? Nanga akadziwa kuti ndine sandithamangitsa?

Amake Favour: Achemwali muli dera liti? Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo? Ndipo munasainirana pepala polowa? Yankhani kaye izi

Bambo a Junior: Ine ndine landilodi ndipo ndiyankhula mosapsatira. ZINYALALAZO AKUTAYA NDANI? Landilodi amagona kwake, otaya mapampasi ndinu nomwe. Mabanja 6 mwalephera kubwereka khasu nkukumba dzenje lina? Mumafuna lendi yotsika koma mukufuna tizidzakusesererani pakhomo. Simenti mukudziwa mtengo wake pano? Kupopetsa chimbudzi mukudziwa ndi zingati?

Nyamwana wa ku Luwinga: Adada, dzenje angakumbe pa malo a eni osauzidwa? Mawa mudzanena kuti akuonongerani puloti. Nanga chimbudzi chodzadzacho akumbenso okha?

Bambo a Junior: Asonkhe. Odzadzitsa ndi omwewo.

Ankolo Cheza: Makoswewo muwalembe nawo pa bilu ya madzi, nawonso ndi alendi kkkkk

Mlangizi wa zaumoyo: Mayi, ku polisi musapite, iyi si nkhani yawo pokhapokha akakuopsezani kapena kukuponyerani katundu panja. Koyenera ndi ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ku dipatimenti ya zaumoyo, funsani a environmental health. Lamulo la Public Health Act limati chimbudzi kapena mulu wa zinyalala woika moyo wa anthu pachiswe ndi nuisance, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yopereka notisi yoti akonze pa masiku akutiakuti, akapanda kukonza nkhani imapita ku khothi. Koma dziwani kuti notisiyo imapita kwa amene wayambitsa vutolo, ndiye za chimbudzi ndi nyumba zimagwera mwini malo pomwe za kutaya mwachisawawa zitha kukukhudzani alendi nomwe. Ndipo mwanayo musadikire, mpatseni Thanzi ORS mupite naye kuchipatala lero.

Bambo a Junior: Mwamva? Zitha kukukhudzani nomwe. Ndi zomwe ndikunena ine

Mlangizi wa zaumoyo: Bambo musatenge theka la mawu anga, za chimbudzizo mwazidumpha bwanji

Sis Tee: Ineyo ndinakhalako pa Masasa, nyumba yodontha, ndimagona ndi mabeseni pabedi, ndiye mvula ya kuno mukuidziwa imafika mpaka Epulo osapuma. Nditadandaula anandipatsa notisi nkulowetsa munthu wina pa mtengo wokwera, dipoziti yanga sindinaionenso mpaka lero. Amuna anga anadwala chifuwa chifukwa cha chinyontho chomwecho. Ine ndiye ndingoti samukani basi, mtima ukhale mmalo

Amake Favour: Kusamuka ndi ndalama sis, kwina akufuna miyezi itatu pakamodzi kuphatikizapo ya ejenti. Mwini positi, dera liti??

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Bambo a Junior ife tinasonkhapo kale ndalama ya munthu wa wilibala woti azichotsa zinyalala koma neba wochapa uja anakana kupereka, ndi yemweyonso amayanika zovala pachingwe changa

Bambo a Junior: Ndiye vuto ndi neba osati landilodi. Koma inu a lendi kukonda kuipitsa mbiri ya anthu pa Facebook. Ine wina anandisiyira bilu ya Water Board ndi mawindo osweka nkuthawa usiku pa lole, ndinakanena kwa ndani? PALIBE amene amatimvera chisoni ife. Mangani zanu muone mmene zimawawira

Mphunzitsi Wakale: Achimwene kumanga nyumba sikukupatsani ufulu wodwalitsa ana a anzanu. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 mdziko muno, pa Nkhata Bay pompa inavuta kwambiri, ndipo imayenda ndi zimbudzi zosefukira zomwezi. Ikalowa pa puloti siifunsa kuti mwini wake ndani. Koma nanunso amayi a masiku ano mapampasi mukutaya paliponse, ena mumaponya mchimbudzi ndiye chilekerenji kudzadza msanga, matewera ochapa analakwa chani?

Nyamwana wa ku Luwinga: Aphunzitsi mwayamba bwino koma mwathera kwa amayi, abambo satayako zinyalala?

Mnyamata wa Katoto: Ingosiyani kulipira lendi mpaka akonze, aona okha

Paralegal wa pagulu: Ayi musayerekeze, mukasiya kulipira mwawapatsa chifukwa chokutulutsirani. Lipirani, ndipo muzilipira pa Mpamba kapena Airtel Money kuti umboni utsale ngati sapereka lisiti. Jambulani zithunzi, lembani kalata imodzi musaine mabanja onse kuti asaloze munthu mmodzi, ina mupereke kwa landilodi ina musunge. Zikakanika pitani kwa a block leader ndi khansala wa wodi yanu kenako ku khonsolo. Kukutulutsani ayenera kupereka notisi, kuchotsa chitseko kapena malata si lamulo, akatero Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Mzuzu momuno.

Bambo a Junior: Kalata ya mabanja onse? Kwanga mutatero nonse notisi tsiku lomwelo, ofuna nyumba ndi ambiri, ana a ku Mzuni akungoyendayenda kusaka pogona

Mphunzitsi Wakale: Ndiye chifukwa chake anthu akubisa mayina, mtima womwewu

Bambo a Junior: Ine zimbudzi zanga ndi zoyera bwerani mudzaone

Amake Favour: Mwini positi ndafunsa kawiri konse. Popanda dera sitingakuuzeni khansala wake, ndipo ngati muli kunja kwa malire a mzinda ndiye ofesi yake ndi ina. Pepala la agirimenti lilipo kapena munangogwirizana pakamwa?

Membala wobisa dzina: Mwana ndapita naye kuchipatala amupatsa mankhwala. Koma pobwerera ndapeza akazi a landilodi akuuza neba uja kuti pali wina akuwalemba pa intaneti, a admin mwina mungoichotsa positiyi